Kalata kwa a Nduna ya Zamaphunziro: ana tawaphunzitsa kuwerenga, nanga awerenge chiyani?

Olemekezeka a Nduna,

Ndikulemba ndi ulemu wonse. Kalatayi ndaisiya yotseguka dala kuti akuluakulu a ku Malawi Institute of Education ku Domasi, a MANEB ku Zomba ndi a National Library Service ku Lilongwe aione nawo, pakuti nkhani ndabwera nayoyi ikudutsa pakhomo pa aliyense wa inu. Ine ndine mphunzitsi wa Chichewa pasukulu ina ya sekondale yoyendera, ndipo imvi zandimerera ndili ndi choko m'manja.

Pamisonkhano ya zamaphunziro timamva mawu amodzimodzi chaka ndi chaka, akuti Amalawi sakonda kuwerenga. Anenedwa kambirimbiri mpaka anthu awazolowera, ndipo akanenedwa mlandu wonse umagwera mwana ndi kholo lake. Ine mawuwa ndikuwakana. Atsikana a Fomu 3 amene ndimaphunzitsa amatsatira nkhani zachikondi za m'Chichewa zimene zimayenda pa WhatsApp ndi pa Facebook gawo ndi gawo, ena kuwerengera pafoni yobwereka, ndipo gawo lotsatira likachedwa amadandaula. Nyuzipepala ya Tikambe kapena Tamvani ikafika pamsika wa kumudzi imayenda m'manja mpaka kung'ambika. Lowani m'nyumba za anthu mukaone Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922: m'mbali mwake mwada ndi zala, chikuto chake chasokedwa ndi ulusi. Anthu otere amawerenga. Amawerenga chimene chawafika m'manja, ndipo funso loyenera ofesi yanu ndi lakuti tawafikitsira chiyani.

A msinkhu wanga tinayambira kuwerenga pa buku la Sosa, Chingerezi n'kuchilowera kwa Timve ndi Tsala. Koma chimene chinatisandutsa owerenga ndi mabuku amene anabwera pambuyo pake, amene munthu unkabisa m'kati mwa kope la masamu. Sikusinja ndi Gwenembe ya a John Gwengwe inatiphunzitsa kuti nsanje ya pachibale imapha, ndiponso kuti magazi sabisika. Mpaka lero anzanga ena akaona mbalame ikulira mowirikiza pamutu pa munthu amakumbuka bukulo. Kukula ndi Mwambo ya a Gwengwe omwewo inali ngati agogo aikidwa papepala. A Ezra Chadza anatipatsa Ntchito za Pakamwa ndi Kokha Mcheperawakalulu, ndipo ambiri a ife ndakatulo yoyamba imene tinalakatula pamaso pa anthu inachokera kwa iwo. Kunali Mkwatibwi Wokhumudwa ya a Litete, Sewero la Mlandu wa Nkhanga la a Paliani, Nzeru za Kale ya a Kumakanga momwe tinkatolamo miyambi yokometsera chimangirizo. Pambuyo pake kunabwera a Willie Zingani ndi Njala Bwana komanso Madzi Akatayika, a Jolly Max Ntaba ndi Mtima Sukhuta komanso Ikakuona Litsiro Sikata, ndi a Whyghtone Kamthunzi, amene anatenga Chichewa n'kuchilowetsa m'tauni, m'mabasi ndi m'maofesi, kuti tione kuti chilankhulo chathu sichithera pa nthano za kalulu.

Wanga wapamtima ndi Samuel Josia Nthara. Nthondo inatuluka mu 1933 itapambana mpikisano wa mabuku olembedwa m'zilankhulo za mu Africa, ndipo chaka chotsatira a Cullen Young anaimasulira m'Chingerezi. Taganizani, Bwana Nduna: mphunzitsi wa ku Nkhoma, m'nthawi ya atsamunda, analemba m'chilankhulo cha amayi ake nkhani ya mwana wosamva, wakuba, amene anapita kukagwira ntchito kunja, nabwerera, nalowa ufumu, natembenuka mtima, ndipo a kunja anachita kupempha kuti awamasulire. Ndikamaphunzitsa bukuli ndimaona ana akuseka pamalo omwe ife tinkaseka, akukangana ngati Nthondo anasinthadi kapena anangotopa. Mkangano umenewo ndiwo phindu la buku. Ndipo mwana amene wakondwa ndi Nthondo amandifunsa kuti a Nthara analembanso chiyani. Ndimamuuza za Mbiri ya Achewa. Akandifunsa kumene angaipeze, ndilibe komulozera.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Kuno kwathu buku limakhala ndi moyo pokhapokha likhale la mayeso. Likalowa pa silabasi limasindikizidwa, limapezeka m'mashopu, aliyense amalitchula. Tsiku limene lachotsedwa, wosindikiza amaleka kulisindikiza chifukwa palibenso sukulu imene idzaligule, ndipo pakangopita zaka zochepa limasowa ngati silinalembedwepo. Mabuku ambiri amene ndatchula pamwambapa mwana wa lero sangawapeze ngakhale atakhala ndi ndalama. Amene alipo ndi makope akale ali m'masutikesi a aphunzitsi opuma ntchito, masamba oyamba ndi omaliza atathothoka. Mwini wake akamwalira, chiswe chimamaliza.

Ngakhale buku la mayesolo, si ana onse amene amaliwerenga. Kope limodzi limagawanidwa pakati pa ana angapo, ndipo belu likalira limabwerera m'kabati. Chimene mwana amapita nacho kunyumba ndi manotsi, kapena kapamfuleti kogula pamsika kofotokoza mwachidule mutu uliwonse, mayina a ampangankhani, maphunziro opezeka m'nkhaniyo, ndi mayankho a mafunso a zaka zapitazo. Mwana amakhoza bwino ndithu. Ndawaonapo ana akukhoza Macbeth kapena Smouldering Charcoal ya a Tiyambe Zeleza asanawerengepo tsamba ngakhale limodzi la buku lenilenilo. Sindiwadzudzula. Apeza njira yaifupi yofikira pamene ife akuluakulu tawauza kuti afike. Koma a MANEB dziwani kuti funso limene lingayankhidwe ndi pamfuleti limapha buku, chifukwa mphunzitsi amaphunzitsa chimene chimafunsidwa. Bwanji pa pepala la Chichewa ndi la Chingerezi pasakhale funso limodzi lomupatsa mwana ndime imene sanaionepo kuti anene maganizo ake, kapena lomulola kulemba za buku lililonse limene wawerenga payekha? Kuchonga kwake n'kovutirapo, ndikudziwa, ndakhalapo pa ntchito yochonga. Koma funso limodzi lotere likhoza kuchititsa sukulu iliyonse kutsegula kabati.

Sindikuti kale zonse zinali bwino. Mabuku aja tinkawerenga anatuluka m'nthawi imene Censorship Board, yokhazikitsidwa ndi lamulo la 1968, inkaunika tsamba lililonse. A Jack Mapanje anatsekeredwa ku Mikuyu mu 1987 popanda kuzengedwa mlandu, n'kutuluka mu 1991, ndipo buku lawo la ndakatulo la 1981 linachotsedwa m'mashopu ndi m'masukulu. Alembi ena anathawira kunja. Chaka cha 1968 chomwecho, pamene Chichewa chinakwezedwa kukhala chilankhulo cha dziko, Chitumbuka chinachotsedwa pawailesi ndi m'sukulu, ndipo ana a ku Rumphi ndi ku Mzimba anatsekeredwa khomo limene ife tinatseguliridwa. Nthawi imeneyo sindikuilira. Chimene ndikunena n'chakuti panali njira yoti buku lichoke m'manja mwa mlembi n'kufika m'manja mwa mwana. Kunali makina osindikizira a ku Nkhoma ndi ku Likuni, kunali CLAIM, Dzuka, Popular Publications ku Limbe ndi timabuku take totsika mtengo, magazini ya Moni, nyuzipepala ya Boma Lathu, ndi mashopu a Malawi Book Service. Ufulu wolemba tinaupeza mu 1994. Njira ija ndiyo tinailekerera kuti imere thengo.

Chaka cha 1994 chomwecho maphunziro a pulayimale anakhala aulere, ndipo chiwerengero cha ana chinadumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Chinali chinthu chabwino, ndipo ana ambiri amene ndawaphunzitsa sakanaponda m'kalasi popanda chimenecho. Koma ndalama zonse zinathamangira ku midadada ya makalasi, aphunzitsi ndi mabuku ophunzirira, ndipo buku longowerenga pofuna kusangalala linaoneka ngati chinthu chodikira. Lakhala likudikira zaka zoposa 30.

Ndiyamike pamene pakuyenera. National Reading Programme imene inayamba mu 2016 inaika mtima pa makalasi oyambirira, aphunzitsi anaphunzitsidwa kaphunzitsidwe ka maliwu ndi maphatikizo, mabuku anafika m'masukulu. Mwana wa Sitandade 2 akagwirizanitsa "ma" ndi "dzi" n'kufuula kuti madzi, nkhope yake imawala, ndipo amene anaonapo zimenezi sanganyoze ntchitoyi. Vuto limayamba mwanayo akadziwa kuwerenga. Tamupatsa khasu, tamuonetsa kagwiridwe kake, koma munda sitinamupatse. Akafika Sitandade 6 kapena 7 palibe nkhani yaitali ya m'chilankhulo chake imene angakhale nayo pansi pa mtengo masana onse. Luso limene silikugwiritsidwa ntchito limafota. N'chifukwa chake ku Fomu 1 timalandira ana amene amatchula mawu onse a m'ndime molondola, koma ukawafunsa zimene ndimeyo ikunena amayang'ana pansi. Kenako timadabwa akalephera Biology ndi History, pamene chimene chawalepheretsa ndi kumvetsa funso.

Ena adzati mabuku a Chichewa achedwetsa Chingerezi, makamaka popeza lamulo la zamaphunziro la 2013 linapatsa Chingerezi malo aakulu m'kalasi. Zimene ndaona ine m'kalasi n'zosiyana. Mwana amene wazolowera kumaliza buku lonse m'Chichewa, amene akudziwa kutsatira nkhani, kusunga mayina m'mutu, kuganizira zimene zichitike kutsogolo, amapita ndi chizolowezi chimenecho ku Chingerezi. Ife amene tinadzakonda Chinua Achebe ndi timabuku ta Pacesetters tija tinkabwerekana ku hositelo, tinafika kumeneko titadzera kwa a Gwengwe ndi a Chadza. M'mera mpoyamba.

Ndifike pa nkhani ya kabati, imene siifuna ndalama ngakhale tambala. Masukulu ena mabuku alipo. Ali m'makatoni mu ofesi ya ahedi kapena m'chipinda chosungiramo katundu, ena akadali m'mapulasitiki, pafupi ndi matumba a ufa wa phala. Pasukulu ina imene ndinaphunzitsapo tinalandira mabuku a nkhani kuchokera kwa anthu akufuna kwabwino, ndipo anakhala chitsekere mpaka mphemvu zinamanga momwemo. Ahedi sanali munthu woipa. Ankaopa. Buku lililonse linalembedwa m'kaundula, ndipo ankadziwa kuti oyendera sukulu akadzabwera adzawerenga mabuku, ndipo losowa kapena long'ambika lidzakhala mlandu wawo. Palibe amene akanawafunsa kuti ndi ana angati awerenga. Bwana Nduna, kalata imodzi yochokera ku Capital Hill, yopita kwa ahedi onse ndi alangizi a m'mazoni, yonena kuti buku limene latha chifukwa chowerengedwa si mlandu, kuti mwana aloledwe kupita nalo kunyumba, ndiponso kuti woyendera sukulu azifunsa kaundula wa obwereka asanafunse kaundula wa katundu, ikhoza kuchita zambiri kuposa msonkhano wa kunyanja. Mabuku ena adzasowadi. Ena adzagwa m'madzi, ena mwana wakhanda adzawang'amba. Zimenezo tizivomereze, monga timavomerezera kuti choko chimatha.

Mukudziwa nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Njala ya 2001 ndi 2002 itavuta anasiya sukulu ya sekondale chifukwa cha fizi. Chimene chinamusunga ndi kalaibulale kakang'ono ka pasukulu ya pulayimale ya kwawoko. Mmenemo anapezamo buku la sayansi lokhala ndi chithunzi cha makina oyendera mphepo pachikuto, ndipo ngakhale Chingerezi chake chinali chochepa, anatsatira zithunzi mpaka anamanga makina ake ndi zitsulo zotola, zipangizo za njinga ndi mitengo ya bulugamu, nayatsa magetsi kunyumba kwa makolo ake. Mu 2014 anamaliza maphunziro ku Dartmouth College ku America. Timakonda kumutchula pa zikondwerero, ndipo tiyenera kutero. Koma tizikumbukanso mbali yosaoneka ya nkhaniyi: panali chipinda, munali mabuku, chitseko chinali chotsegula, ndipo mwana amene sanalinso pa rejisitala ya sukulu analoledwa kubwereka. Chitseko chija chikanakhala ndi loko, dzina lake sitikanalimva.

Pempho langa lalikulu ndi ili. Unduna wanu, pamodzi ndi a ku Domasi ndi a Centre for Language Studies ku Zomba, usankhe mabuku akale a m'zilankhulo zathu, ngakhale 30 okha poyamba, uwasindikizenso. Asakhale a chikuto cholimba ndi pepala lonyezimira. Akhale a pepala la nyuzipepala, ang'onoang'ono olowa m'thumba, oti mtengo wake usapose wa botolo la mafuta ophikira laling'ono. Ndikudziwa kuti pepala ndi inki zimachokera kunja, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 osindikiza akulira. N'chifukwa chake ntchitoyi singasiyidwe m'manja mwa wosindikiza yekha. Iye sangaike ndalama zake pa buku limene sakudziwa ngati lidzagulidwa. Koma boma likamuuza kuti lidzagula makope a sukulu zonse za pulayimale ndi sekondale, mtengo wa kope limodzi umatsika kwambiri, ndipo otsalawo amafika pamsika pamtengo woti kholo lingakwanitse. Alembi ambiri a mabukuwa anatisiya, koma ana ndi adzukulu awo alipo. Akambirane nawo bwinobwino kudzera ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za alembi ndi aluso ena, ndi kwa osindikiza amene ali ndi umwini, alandire kangachepe kawo. Makope oti musindikizirepo akapezeke ku National Archives ku Zomba ndi kwa aphunzitsi akale, ntchitoyi ichitike adakalipo. Tonse tikukumbuka mmene laibulale ya Mzuzu University inapsera mu Disembala 2015, mabuku masauzande n'kusanduka phulusa usiku umodzi. Buku limene latsala kope limodzi kapena awiri m'dziko lonse lili pa ngozi yomweyo.

M'ndandandawo musakhale Chichewa chokha. Mwana wa ku Karonga, wa ku Mangochi, wa ku Nsanje, wa ku Phalombe ndi wa ku Nkhata Bay naye ayenera kupeza nkhani m'chilankhulo chimene amalota. Kumene mabuku akale kulibe, alembedwe atsopano.

Za atsopanowa ndinenepo pang'ono, pakuti sindikufuna kuti ana athu azingowerenga zimene agogo awo anawerenga. Alembi alipo. Anyamata ndi atsikana amene akulemba nkhani za pa WhatsApp zija ali ndi owerenga ambiri. Kalembedwe kawo nthawi zina n'kosokonekera, mawu amawadula pamene sayenera kudulidwa, nkhani zina si za ana. Koma akudziwa kumugwira wowerenga kuti asachoke, ndipo luso limenelo siligulidwa. Chimene akusowa ndi mkonzi, Mtanthauziramawu pathebulo, ndi malipiro. Olakatula ndakatulo amadzaza maholo ku Blantyre ndi ku Lilongwe, anthu kulipira pakhomo kuti akamve Chichewa chokoma. A Nthara anatulukira pa mpikisano. Unduna ukhoza kukhazikitsa mpikisano wa chaka ndi chaka wa nkhani zaitali za ana ndi achinyamata m'zilankhulo zathu, mogwirizana ndi a Malawi Writers Union, mphoto yake n'kukhala yakuti buku lopambana lisindikizidwa ndi kugulidwa ndi boma. Mphoto ya ndalama yokha imatha pa mwezi umodzi, buku n'kutsala m'kompyuta ya mlembi.

Foni nayo tisaione ngati mdani. Mabuku omwe musindikizensowo aikidwenso pa intaneti mwaulere, m'mafayilo opepuka oti munthu atsitse ndi bandulo ya tsiku limodzi n'kutumizira mnzake. Amalawi ali ku Johannesburg ndi ku Cape Town, ndi a ku Chipata ndi ku Tete amene timamvana nawo chilankhulo, adzawerenga nawo. Koma foni isakhale chifukwa cholekera kusindikiza. Kumudzi foni ya intaneti ikakhalapo imakhala ya bambo kapena ya achimwene, imafuna kutchajitsa pa golosale, ndipo mwana wa Sitandade 5 saigwira.

Kwa a National Library Service, amene mwakhala mukutumikira dziko lino chiyambire m'zaka za m'ma 1960, ndikudziwa kuti mumagwira ntchito ndi ndalama zochepa. Timabuku tanu ta ana ta Werengani tinaonetsa kuti mungathe kusindikiza nokha. Koma malaibulale athu ambiri asanduka malo owerengeramo manotsi a mayeso: mipando imadzaza, mashelefu sakhudzidwa. Ndipo mwana amene ali makilomita 40 kuchoka pa boma sadziwa n'komwe kuti muliko. Bokosi la mabuku 50 loyenda panjinga kuchoka sukulu ina kupita ina m'zoni imodzi, kusinthana pakutha pa teremu, silifuna nyumba yatsopano. Akuluakulu amene amagawa ndalama za chitukuko cha m'madera auzidwe kuti bokosi lotere nalo ndi chitukuko, ngakhale palibe khoma lolembapo dzina.

Chotsala ndi ife aphunzitsi. Ambiri a anzanga achinyamata anakula m'nthawi ya pamfuleti, ndipo ena amavomera poyera kuti chimalizireni sukulu sanawerengepo buku la nkhani. Munthu sangapatse mwana chikondi cha chinthu chimene iye sanachilawe. M'makoleji a aphunzitsi, ku Domasi, ku Nalikule ndi m'ma TTC onse, wophunzira aliyense asatuluke asanawerenge mabuku angapo athunthu a alembi athu ndi kuphunzira kuwerengera ana mokweza, mosintha mawu, moima pamalo pokoma kuti ana apemphe okha kuti apitirize. Ndipo pa ndandanda wa maphunziro pakhale piriyodi imodzi pa sabata yongowerenga, yopanda mayeso, imene mphunzitsi wa masamu saloledwa kuibwereka.

Zina mwa zimene ndapemphazi zifuna bajeti ndi nthawi, ndipo ndikumvetsa kuti zidzadikira chaka cha ndalama. Koma kalata ya kwa ahedi ija mukhoza kuisayina sabata ino, ndipo mndandanda wa mabuku oti asindikizidwenso ukhoza kulengezedwa chaka cha sukulu chikubwerachi chisanayambe. Mukafuna aphunzitsi oti athandize kusankha ndi kufunafuna makope akale, tilipo ambiri, ndipo tidzabwera ndi masutikesi athu.

Ine wanu mwaulemu,
Mphunzitsi wa Chichewa, kusukulu ya sekondale yoyendera